Galamala pa kalata ya tenda: mafunso amene amalonda amafunsa

Ine ndimagulitsa simenti ndi malata, sindine mphunzitsi. Galamala ikundikhudza pati?

Ikukukhudzani m'thumba. Komiti yowunika tenda siibwera kusitolo kwanu kudzaona katundu, ndipo siimva kukoma kwa pakamwa panu. Imawerenga pepala basi. Mukapambana, zimene munalembazo zimalowa mu kontrakiti imene mudzasainire, ndipo chilichonse chimene chiganizo chanu chinanena mudzayenera kuchichita, kaya mumatanthauza zimenezo kapena ayi.

Ndiye chilembo chimodzi chikasowa, ndagwa?

Ayi. Zolakwika zazing'ono zosasintha tanthauzo komiti ikhoza kuzinyalanyaza. Chogwetsa munthu ndi cholakwika chimene chasintha zimene akulonjeza. Tenda za boma ku Malawi zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo msampha waukulu uli pa nthawi ya mneni. Akakufunsani ntchito zimene munagwirapo kale, inu n'kulemba "we will supply" m'malo mwa "we supplied", mwaiuza komiti ndi dzanja lanu kuti ntchitoyo simunaigwirepo. Akafuna katundu m'masiku 30, inu n'kuyankha kuti "we may deliver", mwangonena kuti mwina mudzabweretsa. Wowunika sangapereke mamaliki pa mawu akuti mwina.

Nanga manambala, nawonso ndi galamala?

Pano ndi pamene pamalirira anthu ambiri. M'makalata ambiri a tenda muli lamulo lakuti mtengo wolembedwa m'mawu ukasiyana ndi wa m'manambala, wa m'mawu ndiwo umatengedwa. Mtengo wa chinthu chimodzi ukapanda kugwirizana ndi chiwonkhetso, amatsata mtengo wa chimodzicho n'kuwerengetsanso. Tiyerekeze kuti mwalemba K12,500,000, koma m'mawu mwalemba ndalama yokwana K1,250,000. Komiti itenga yaing'onoyo. Mukavomera, mugwira ntchito yoluza. Mukakana, tenda yanu imakanidwa. Ndimamva chisoni kwambiri ndi zotere, chifukwa nthawi zambiri amene walakwitsayo ndi munthu woidziwa bwino ntchito yake, anangolemba mothamanga usiku woti mawa bokosi la tenda litsekedwa.

Sindingakonze ndikazindikira?

Nthawi yotsekera isanakwane mukhoza kusintha kapena kuchotsa tenda yanu. Ikakwana, basi. Komiti ikhoza kukulemberani kuti mufotokoze pamene sipakumveka, koma yankho lanu silingasinthe mtengo kapena zimene munalonjeza.

Ndiye ndilembe Chingerezi chapamwamba?

Musadzivutitse. Lembani ziganizo zazifupi, chilichonse chinene chinthu chimodzi: mudzabweretsa chiyani, zingati, liti, pa mtengo wanji. Gwiritsani ntchito mawu omwewo amene ali m'kalata yoitanira tenda, ndipo musatchule chinthu chimodzi ndi mayina awiri. Dzina la bizinesi yanu lilembedwe monga lilili pa satifiketi ya msonkho ya MRA ndi pa chikalata cha PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma limene linalowa m'malo mwa ODPP potsatira lamulo la 2017. Mayina akasiyana, wowunika amayamba kukayika ngati mapepalawo ndi a kampani imodzi.

Kompyuta siingandikonzere?

Imagwira sipelo yolakwika, koma siidziwa kuti mwasiya dzina la unduna wina ndi nambala ya tenda ya chaka chatha pa kalata imene mwangokopera. Sindikizani kalatayo, muiwerenge mokweza, kenako mumupatse munthu amene sanailembe nawo. Mumufunse kuti, "Apa ndalonjeza chiyani?" Akayankha zosiyana ndi zimene muli nazo m'mutu, lembaninso chiganizocho.

Koma anthu amati tenda zimapita kwa odziwana. Kuvutikiranji?

Ziphuphu zilipo, n'chifukwa chake tili ndi bungwe la ACB, ndipo sindikunena kuti galamala ingathetse katangale. Koma kalata yosokonekera imapatsa wokondera chifukwa chomveka chokutayirani, popanda womufunsa. Lamulo limalola amene akuona kuti sanaweruzidwe mwachilungamo kupempha kuti nkhani yake iwunikidwenso. Kumeneko sakafunsa zimene mumaganiza polemba. Akatsegula envulopu ya tenda yanu n'kuwerenga mzere ndi mzere, ndipo dandaulo lanu lidzalimba pokhapokha ngati mtengo, masiku ndi katundu zinalembedwa moti aliyense wowerenga amve chimodzimodzi.