Agogo Athu Achigiriki Anaikidwa Kuti? Mafunso ndi Mayankho

Kabuku kano talembera mabanja amene agogo awo aamuna anali Mgiriki yemwe anabwera kuno m'nthawi ya Nyasaland, n'kukwatira mayi wakuno, kenako n'kumwalira kapena kuchoka osabweranso. Mabanja otere alipo ku Mangochi, kumene Agiriki a banja la Yiannakis anayamba usodzi waukulu m'zaka za m'ma 1930, alipo ku Blantyre ndi ku Limbe, komanso pakati pa anzathu okhala ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Ambiri amabwera ndi funso la manda. Koma chimene chimawafooketsa kwambiri n'choti pepala likapezeka, dzina la agogo aakazi ndi la ana awo mulibe, ndipo banja limayamba kudzikayikira. N'chifukwa chake nkhani imeneyi taipatsa malo ambiri.

Tiyambire pati?

Kunyumba. Funsani akuluakulu dzina limene ankamuitanira, ntchito yake, ndi kumene anamuona komaliza. Ngati chaka sakuchikumbukira, afunseni ngati njala ya 1949 inali itadutsa, kapena ngati munali m'nthawi ya chitaganya, 1953 mpaka 1963. Lembani zonse, ngakhale zotsutsana, ndipo onani kuseri kwa zithunzi zakale.

Mapepala a imfa amapezeka kuti?

Lamulo la 1904 linkakakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa za anthu omwe sanali Aafirika, choncho Mgiriki amene anafera kuno ayenera kuti analembedwa. Funsani ku ofesi ya Registrar General ku Blantyre ndi ku National Archives ku Zomba. Zidziwitso za chuma cha masiye zinkatuluka mu Government Gazette, ndipo za maliro mu Nyasaland Times. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House nayonso ndi yothandiza. Ngati anakafera kuchipatala ku Salisbury (dzina lakale la likulu la Zimbabwe), FamilySearch ili ndi ma death notice a ku Zimbabwe a 1904 mpaka 1976, ndipo kuwaona pa intaneti n'kwaulere. Gwiritsani ntchito mayina akale a malo: Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Chipata ndi Fort Jameson.

Dzina lake silikupezeka. Talakwitsa pati?

Mlembi wa kuboma ankalemba monga anamvera. Ioannis ankasanduka John, Konstantinos n'kukhala Costa, Dimitrios n'kukhala Jimmy, ndipo dzina lalitali la bambo linkadulidwa. Yesani kalembedwe kangapo. Musadalirenso mawu oti "Greek" pa malo a dziko. Wochokera ku Cyprus, imene inali m'manja mwa Britain kuyambira 1878 mpaka 1960, akhoza kulembedwa ngati nzika ya Britain. Wa ku zilumba za Dodecanese, zimene Italy inatenga mu 1912 n'kuzipereka kwa Greece mu 1947, akhoza kulembedwa ngati Mtaliyana, ndipo wa ku Smyrna ngati wa ku Turkey.

Pepala tapeza likuti sanakwatire ndipo analibe ana. Kodi agogo aakazi anatinamiza?

Ili ndi limodzi mwa mafunso amene timalandira kawirikawiri, ndipo ena amabwera nalo misozi ili m'maso. Yankho lathu ndi loti pepala limenelo silikutsimikiza zimenezo.

Taganizirani mmene linkalembedwera. Womwalira sadzilembera yekha. Amene ankapereka uthenga kuboma anali bwana wake, mnzake wa pabizinesi, m'bale wake kapena wogwira ntchito kuchipatala. Wina sankadziwa za banja la kumudzi. Wina ankadziwa bwino lomwe koma sanafune kuti zimveke kwawo, chifukwa tsankho la nthawi imeneyo linali lalikulu. Winanso anali ndi diso pa sitolo kapena maboti a malemuyo, ndipo kutchula ana kukanamuchepetsera gawo.

Palinso nkhani ya lamulo. Ukwati wa pa ankhoswe, womwe mudzi wonse unkaudziwa ndi kuulemekeza, sunkalowa m'kaundula wa maukwati a azungu. Mlembi akafunsa ngati munthu anakwatira, ankatanthauza ukwati wa kutchalitchi kapena wa pamaso pa bwana DC. Ku Greece nakonso, mpaka 1982 boma linkavomereza ukwati wa chipembedzo wokha. Choncho mwamuna amene anakhala ndi mkazi wake zaka makumi awiri, n'kubereka naye ana asanu, ankatha kulembedwa kuti wosakwatira m'mayiko onse awiri. Makaundula ena a imfa analibe n'komwe malo olembapo dzina la mkazi.

Ife timaona kuti mawu a mayi amene anabereka anawo n'kuwalera ndi umboni wolemera kuposa mzere umodzi wolembedwa ndi munthu amene mwina sanapondepo pakhomo pake.

Nanga likamatchula mkazi wina ndi ana ena a ku Greece?

Zimachitika, ndipo zimapweteka. Amuna ena ankasiya mkazi kwawo, ena ankabwerera kukakwatira atakhazikika kuno, ana akuno alipo kale. Banja limodzi kulembedwa sikufafaniza linzake. Mayina amene mwawapezawo asungeni bwino, chifukwa ndi amene angakuuzeni mudzi wa agogo anu. Onaninso mayina a ana. Agiriki amakonda kupatsa mwana wamwamuna woyamba dzina la agogo ake a kuchimuna. Ngati bambo anu akulu anapatsidwa dzina lofanana ndi la bambo ake a malemuyo lolembedwa papepalapo, chimenecho ndi chizindikiro chabwino, ngakhale pachokha si chokwanira.

Ndiye tingatsimikize bwanji kuti ndi wathu?

Fufuzani kumene anawo analembedwa, osati kumene bambo awo analembedwa. Makaundula a ubatizo a pamishoni kawirikawiri ankalemba dzina la bambo ngakhale panalibe ukwati wa kutchalitchi. Mabuku a sukulu ankalemba amene akulipira fizi. Fayilo ya chuma cha masiye ndi yofunika kuposa chiphaso cha imfa, chifukwa mumatha kukhala wilo, makalata ndi mndandanda wa ngongole. Muwerenge tsamba lililonse. Nthawi zina mayi amene sanatchulidwe ngati mkazi amapezeka mu wilo akutchedwa wosamala nyumba, atasiyiridwa ndalama za sukulu ya ana amene mayina awo alembedwa mmodzimmodzi. Mawuwo ndi onyoza, koma dzinalo ndi la agogo anu, ndipo ndi umboni.

Kuyezetsa DNA kukhoza kusonyeza kuti muli ndi magazi a kumeneko, ndipo kukhoza kukulumikizani ndi abale ngati nawonso anayezetsa. Koma sikungakuuzeni manda, ndipo kumatha kuulula zinthu zimene banja silinakonzekere kumva. Kambiranani kaye ndi akuluakulu.

Manda enieniwo tiwapeza bwanji?

Mukadziwa tsiku ndi malo a imfa, funsani kaundula wa manda ku khonsolo ya mzindawo ndi ku mpingo wapafupi. Mipingo ya Orthodox ya Agiriki mu Africa ili pansi pa Patriarchate ya Alexandria, koma kumene kunalibe wansembe wawo mwambo unkatha kuyendetsedwa ndi mpingo wina, choncho onaninso mabuku a Anglican ndi a Katolika. Kunja kuno kumatentha ndipo maliro sankachedwa, choncho yambani ndi manda oyandikana ndi kumene anafera. A ku South Africa, tsamba la pa intaneti la eGGSA lili ndi zithunzi zambiri za ziliza.

Chiliza chikhoza kukhala ndi zilembo za Chigiriki. Chijambuleni chonse, chifukwa nthawi zambiri chimatchula mudzi kapena chilumba chimene anabadwira. Tsiku lobadwa likasiyana ndi masiku 12 kapena 13 ndi la papepala lina, musati ndi munthu wina: Greece inasiya kalendala yakale mu 1923. Manda ena alibe chiliza, ndipo nambala ya m'kaundula ndi yokhayo ingakusonyezeni malowo. Ngati ndi manda a pamudzi, yambani mwaonekera kwa amfumu.

Akuti anabwerera kwawo n'kukafera komweko. Tipite tikaone manda?

Musagule tikiti musanalembe kalata. M'mizinda ya Greece manda ambiri amachita kubwereka, ndipo pakatha zaka zitatu kapena kuposerapo mafupa amafukulidwa n'kuikidwa m'kabokosi m'nyumba yosungira mafupa. Kwa ife n'zodabwitsa, koma kwa iwo ndi mwambo wozolowereka. Choncho mukhoza kupeza dzina koma osapeza manda. Lemberani ku lixiarcheio, ofesi ya kaundula ya dera lake. Mabuku otchedwa Mitroa Arrenon, olembamo amuna onse ndi mayina a abambo awo, amapezeka ku General State Archives ya dzikolo. Koma popanda dzina la mudzi, kufufuza kumeneko n'kovuta kwambiri.

Zimafuna ndalama zingati?

Sitingatchule mtengo, chifukwa umasintha ndipo umatengera ofesi ndi dziko. Kuwerenga m'ma archives kawirikawiri sikudula. Zimene zimadya ndalama ndi mayendedwe, makope odindidwa ndi womasulira Chigiriki. Funsani mtengo musanapemphe, ndipo landirani lisiti. Talandira madandaulo a mabanja amene analipiriratu anthu owalonjeza kuti awapezera manda m'sabata imodzi, anthuwo n'kuzimiririka. Palibe amene angalonjeze chimene sanachione.

Tikapeza mapepala, tilandira chuma kapena pasipoti ya Greece?

Musayembekezere zimenezo. Chuma cha munthu amene anamwalira kalekale nthawi zambiri chinagawidwa ndipo fayilo inatsekedwa. Unzika umafuna kuti ubale utsimikizike mwalamulo m'badwo uliwonse, ndipo ngati mwana sanalembedwe m'dzina la bambo ake, njirayo ikhoza kukhala yaitali, yodula, kapena yosatheka. Zimenezi funsani loya kapena ofesi ya kazembe wa Greece. Ife sitiweruza.

Abale a ku Greece akuti satidziwa. Kodi sizikusonyeza kuti tinalakwitsa munthu?

Ayi, pazifukwa zomwe tanena kale. Ngati malemuyo sanauze boma za inu, n'kutheka kuti sanauzenso amayi ake. Amene mukuwalemberawo ndi zidzukulu ngati inu, ndipo kalata yochokera kutali imawachititsa mantha kuti mwina mukufuna munda kapena nyumba. Nenani poyambirira kuti mukufuna kudziwa manda ndi mbiri basi, ngati ndi zoona. Tumizani chithunzi chimodzi, kenako dikirani. Ena amayankha patapita miyezi, ena sayankha.

Tafufuza konse, dzina la agogo aakazi palibe pena paliponse. Tingosiya?

Funso ili limabwerabwerabe, ndipo yankho lathu silisintha. Makaundula a nthawi ya atsamunda sanapangidwe kuti azilembamo amayi ngati agogo anu, ndipo kusowa kwawo m'menemo ndi vuto la kaundula, osati la banja lanu. Mukhoza kupuma, chifukwa mapepala atsopano amaikidwabe pa intaneti. Koma pali ntchito imodzi yosayenera kudikira. Amene anamuona Mgirikiyo ndi maso, kapena anakhalapo pa chinkhoswe, atsala ochepa. Pitani kwa iwo mwezi uno, ajambuleni mawu pafoni atavomera, ndipo lembani dzina la agogo aakazi, mfunda wawo, mudzi wawo ndi mayina a ana awo onse pa tsamba limodzi ndi dzina la mwamuna wawo. Nthambi iliyonse ya banja ipatseni kope lake.