Agogo a zaka 100: phunziro pa moyo wa mayi Asma bint Abi Bakr (RA)



Ambiri tinamva dzina la mayi Asma bint Abi Bakr (RA) ku madrasa, koma nkhani yawo yomwe tinaigwira ndi imodzi yokha, ya lamba uja. Iwo anali mkulu wake wa mayi Aisha (RA), bambo mmodzi koma mayi osiyana. Olemba mbiri ambiri amati anabadwa kutatsala zaka 27 kuti Hijra ichitike, ndipo anamwalira ku Makka m'chaka cha 73 cha Hijra, chomwe ndi 692 pa kalendala yomwe timagwiritsa ntchitoyi. Phatikizani nokha. Zaka 100. Ndiye tikamangowakumbukira pa tsiku la Hijra lokha, zaka zina 73 zija tazisiya kuti?

Tiyambe ndi lambayo. M'chaka cha 622, Mtumiki (SAW) ndi Abu Bakr (RA) ali pafupi kunyamuka mobisa, mayi Asma anawakonzera kamba wa paulendo koma chingwe chomangira panalibe. Anamasula lamba wansalu wa m'chiuno mwawo, n'kumung'amba pakati, n'kumangira chakudyacho. Dzina loti Dhatun-Nitaqayn, mwini malamba awiri, linachokera pamenepo. Awiriwo atachoka, Abu Jahl anafika pakhomo kufunsa komwe kuli bambo awo. Sanaulule. Anawawomba mbama mpaka ndolo inathothoka.

Nkhani ina ya masiku omwewo sitiikamba kawirikawiri. Abu Bakr anatenga ndalama zake zonse pochoka, ma dirham 5,000 kapena 6,000. Bambo ake, Abu Quhafa, anali nkhalamba yosaona ndipo anali asanalowe Chisilamu. Anabwera akudandaula kuti mwana wawo wasiya banja pa njala. Mayi Asma anatola timiyala, n'kutiika pamalo pomwe pankakhala ndalama, n'kuphimba ndi nsalu, kenako anagwira dzanja la agogo awowo kuti akhudze. Nkhalamba ija mtima unakhala pansi. M'nyumba munalibe kanthu, koma mdzukulu sanafune kuti agogo ake agone ndi nkhawa. Sungani chithunzichi, chifukwa kutsogoloku iwonso adzakhala agogo osaona.

Ulendo wa ku Madina, wa makilomita oposa 400, anayenda ali ndi pakati potopa. Anachira atafika ku Quba, ndipo mwanayo, Abdullah ibn Zubayr, ndiye anali woyamba kubadwa mwa Asilamu osamukira ku Madina. Mtumiki (SAW) anatafuna tende n'kumupaka m'kamwa. Asilamu anakondwa kwambiri chifukwa kunali mphekesera yoti alodzedwa ndipo sadzaberekanso.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono: zaka za umphawi ku Madina. Mu Sahih Bukhari mayi Asma akufotokoza okha. Amuna awo, Zubayr ibn al-Awwam (RA), mmodzi mwa maswahaba khumi omwe anauzidwa za Jannah ali moyo, analibe chuma, kupatula hatchi ndi ngamila yotungira madzi. Mayi Asma ndiwo ankadyetsa hatchiyo, kutunga madzi, kusoka chotungira chachikopa chikang'ambika, ndi kukanda ufa. Kuphika buledi sankadziwa bwino, ndipo sanabise zimenezo. Azimayi achi Ansar oyandikana nawo ndiwo ankawaphikira, ndipo patapita zaka zambiri ankawatamandabe kuti anali azimayi okhulupirika. Ankasenzanso pamutu nthangala za tende kuchokera kumunda wa amuna awo, mtunda wa makilomita oposa atatu. Tsiku lina Mtumiki (SAW) anawapeza panjira katundu ali pamutu, n'kugwaditsa ngamila yake kuti akwere. Iwo anachita manyazi kuyenda pakati pa amuna, anakumbukiranso nsanje ya Zubayr, ndipo anapitiriza wapansi. Pambuyo pake bambo awo anawatumizira wantchito woti azisamala hatchi ija, ndipo iwo anati zinali ngati amasulidwa mu ukapolo.

Mwaona? Sanadzionetse ngati munthu wachitsulo. Ntchito inali yowawa ndipo ananena kuti inali yowawa. Ife nthawi zina timaganiza kuti subira ndi kukhala chete ngati palibe chomwe chikukupweteka. Mayi Asma anatopa, anavomereza kuti atopa, analandira thandizo la anansi ndi la bambo awo, ndipo sanasiye Deen. Amene munaonapo mayi anu akuchokera kudambo, mtolo wa nkhuni pamutu mwana kumsana, nkhaniyi si yachilendo kwa inu.

Umphawiwo sunawaumitse manja. Mwana wawo Abdullah ankati sanaonepo azimayi opatsa ngati mayi ake ndi mayi Aisha, koma kapatsidwe kawo kanali kosiyana: mayi Aisha ankasonkhanitsa pang'onopang'ono kenako n'kugawa, pomwe mayi Asma sankasunga kanthu kudikira mawa. Ndipo mayi awo owabereka, Qutayla, atabwera kudzawaona ku Madina akadali opembedza mafano, mayi Asma anakafunsa kwa Mtumiki (SAW) ngati kunali koyenera kuwalandira. Anawauza kuti asunge ubale ndi mayi awo. Akatswiri a tafsir amalumikiza nkhaniyi ndi ndime 8 ya Surat al-Mumtahanah. Alongo ndi abale amene munalowa Chisilamu makolo anu ali a chipembedzo china, yankho lanu lili pamenepa. Mayi ndi mayi basi.

Moyo wautali uli ndi mtengo wake: umaika m'manda anthu ambiri. Mtumiki (SAW) anamwalira mu 11 Hijra, bambo awo mu 13. Banja lawo ndi Zubayr linatha, ndipo Zubayr anaphedwa mu 36. Mng'ono wawo Aisha anatsogola. Mwana wawo al-Mundhir anaphedwa pa nkhondo ku Makka mu 64. Maso nawo anasiya kuona. Koma mwana wawo Urwa anasimba kuti mpaka zaka 100 nzeru zawo zinali zonse, ndipo dzino silinaguluke ngakhale limodzi.

Chiyeso chomaliza ndicho chinali chachikulu. Abdullah anali atalengezedwa kukhala Khalifa ku Makka, ndipo Hajjaj ibn Yusuf anazinga mzindawo kwa miyezi ingapo ndi asilikali a Bani Umayya. Anthu ake ambiri atamuthawa, Abdullah, bambo wa zaka zoposa 70, anapita kwa mayi ake kukafunsa nzeru. Mabuku a mbiri amati iwo anamubwezera funso: ngati akudziwa kuti ali pa choonadi apirire, koma ngati ankangofuna za dziko ndiye kuti wadziwononga yekha pamodzi ndi omwe anafera kumbali yake. Atanena kuti akuopa kuti adzazunza mtembo wake, anamukumbutsa kuti nkhosa ikazingidwa kale simvanso ululu wa kusendedwa. Anaphedwa, ndipo mtembo wake unapachikidwa poyera.

Mu Sahih Muslim muli zomwe zinatsatira. Hajjaj anatuma uthenga kuti mayi Asma abwere, iwo anakana. Anawaopseza kuti atuma anthu odzawakoka tsitsi, anakanabe. Mapeto ake anapita yekha, n'kuwafunsa kuti akuziona bwanji zomwe wachita kwa mwana wawo. Anamuyankha kuti iye wamuwonongera mwanayo dziko lino, koma mwanayo wamuwonongera iye Akhera. Hajjaj ananyamuka osayankha. Nkhalamba yosaona, ya zaka 100, yopanda msilikali ngakhale mmodzi. Sipanapite nthawi yaitali, nawonso anamwalira.

Tsono funso la phunziro lathu ndi ili: zonsezi tazidziwa bwanji? Mayi Asma sanalembe buku. Tikuzidziwa chifukwa ana ndi zidzukulu ankakhala nawo pansi n'kumamvetsera. Nkhani ya nthangala za tende ija anaisimba ndi Urwa, yemwe anadzakhala mmodzi mwa akatswiri asanu ndi awiri a fiqh a ku Madina, ndipo iye anauza mwana wake Hisham. Panalinso mdzukulu wawo wamkazi, Fatima bint al-Mundhir, yemwe anakwatiwa ndi Hisham yemweyo. Mukatsegula Muwatta ya Imam Malik mupeza mzere uwu: Malik anamva kwa Hisham, Hisham kwa mkazi wake Fatima, Fatima kwa agogo ake Asma. Zina mwa zomwe Fatima anasunga ndi zinthu zomwe ife tikadati n'zazing'ono. Kachapidwe ka chovala chomwe chakhudzidwa ndi magazi a kumwezi. Momwe agogo ake ankachitira akawabweretsera mayi wotentha thupi kuti amupangire dua: ankatenga madzi n'kumuthira pakhosi pa chovala, n'kunena kuti Mtumiki (SAW) anawalamula kuziziritsa kutentha kwa thupi ndi madzi. Mtsikana anaona, anasunga, ndipo lero ma sheikh akuphunzitsa zimenezo patapita zaka zoposa 1,300.

Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti munthu akamwalira ntchito zake zimaduka kupatula zitatu: sadaka yopitirira, maphunziro omwe anthu akupindula nawo, ndi mwana wabwino womupempherera. Ife timathamangira chachitatucho. Koma chachiwiricho, kwa agogo omwe sanapite kusukulu, chimadalira mdzukulu. Ngati palibe anafunsa, zimapita nawo kumanda.

Tinene zoona, abale. Agogo akamwalira timaika chithunzi chawo pa Facebook ndi pa WhatsApp, n'kulemba kuti anali mzati wa banja. Wina atatifunsa kuti anabadwira mudzi uti, Qur'an anaphunzira kwa ndani, anaika ana angati m'manda, njala ya 2002 anaidutsa bwanji ali ndi zidzukulu pakhomo, ambiri tingakande m'mutu. Amene ali ndi agogo a zaka za m'ma 80 kapena 90, mwina ali ndi munthu amene anaona ndi maso njala ya 1949. Foni yomwe mukuwerengera nkhaniyi imatha kujambula mawu. Mukapita kumudzi, kaya pa Eid kaya pa tchuthi, khalani nawo pamkeka ikatha Asr, muwapemphe chilolezo, muwafunse. Adzabwereza nkhani imodzi katatu, musawadule. Pena adzayamba kulira, adikireni. Afunseninso zazing'ono zija: dua yomwe amanena akamagoneka mwana, amene anawaphunzitsa kuswali, dzina la mnansi amene anawagawira ufa chaka chovuta. Amene agogo anu anatsogola kale, mayi anu aang'ono kapena azakhali akadali ndi zina mwa nkhanizo.

Allah asangalale nawo mayi Asma, awachitire chisoni amayi ndi agogo athu omwe ali m'manda, ndipo omwe ali moyo awapatse ukalamba wopepuka. Ameen.