Lita imodzi, makilomita angati?

Anzanga, teremu yathayi achimwene anga anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha samu ya kugawa. Iwo amayendetsa Sienta ya bwana wina pakati pa Salima ndi Lilongwe, ndipo fizi yanga imachokera m'galimoto yomweyo, ndiye musadabwe kuti nkhaniyi ndinaitenga ngati yanga. Bwanayo anawerenga pa intaneti kuti Sienta imayenda makilomita pafupifupi 18 pa lita imodzi ya petulo. Atawonkhetsa ndalama za mafuta anati sizikugwirizana, basi dalaivala akupopa mafuta n'kumagulitsa m'zigubu. Achimwene analibe choyankha kupatula kulumbira. Koma pa awiriwa panalibe amene anayezapo kamwedwe ka galimotoyo.

Mukafunsa dalaivala aliyense pa depoti kuti galimoto yake imamwa bwanji, amayankha ndi ndalama: "Iyi simwa aise, ndikathira ya sate sauzande ndimafika m'tauni." Yankho limeneli siligwira, chifukwa mtengo wa mafuta umasintha bungwe la MERA likalengeza mtengo wina. Ndalama yomwe inkagula malita khumi chaka chatha lero siingagule malita omwewo, pomwe injini ndi yomweyo. Ena amadalira kamuvi ka pa dashibodi. Nakonso n'kabodza pang'ono. Thanki ya galimoto si yowongoka ngati ndowa, ili ndi makona ndi mabondo, choncho kamuvi kakaloza pakati sizitanthauza kuti mafuta atsala theka lenileni. Imikani galimoto pa chitunda muone mmene kamasunthira popanda dontho lotuluka.

Muyeso woona umafuna zinthu ziwiri basi: mtunda umene wayendedwa, ndi malita amene apsa poyenda mtundawo. Mtunda timauwerenga pa odomita, manambala aja a pa dashibodi amene amangokwera osabwerera. Malita timawapeza motere. Dzadzani thanki mpaka pampu idule yokha, lembani nambala ya pa odomita. Yendani monga mwa masiku onse. Mukabweranso pa filing'i siteshoni dzadzaninso mpaka pampu idule, lembani nambala yatsopano ndi malita amene alowa. Malita achiwiriwa ndi omwe aja injini yamwa, chifukwa angobwezeretsa pamene panaperewera. Oyamba aja aiwaleni, salowa m'samuyi. Ambiri amaphonya pomwepa.

Nazi nambala za m'kope limene ndinawapatsa achimwene (linali la Agriculture, aphunzitsi andikhululukire). Podzadza koyamba odomita inali pa 148,230. Podzadza kachiwiri inali pa 148,638 ndipo munalowa malita 34.

148,638 − 148,230 = makilomita 408
408 ÷ 34 = makilomita 12 pa lita

Tsono taonani mmene bwana ankawerengera. Kwa iwo 408 kugawa ndi 18 kunkapereka malita osakwana 23. Malita 11 otsalawo ndiwo ankati abedwa. Tiyerekeze kuti lita ndi K3,000, kuti samu isavute (mtengo weniweni kaoneni pa pampu). Ndiye kuti pa thanki iliyonse munthu ankamuyesa wakuba K33,000.

Nanga 18 uja anachokera kuti? Si bodza ayi, koma si wa kuno. Ku Japan, kumene galimoto zambiri za m'misewu yathu zimachokera, galimoto yatsopano amaiyeza m'nyumba, matayala akuzungulira pa zitsulo zogudubuzika, motsata ndondomeko yoikika ya liwiro. Ndondomekozi zili ndi mayina monga JC08 ndi WLTC. M'menemo mulibe maenje, mulibe fumbi, mulibe matumba a mpunga kapena malichero a usipa. Sienta anaipangira anthu asanu ndi awiri. Inu nonse mukudziwa kuti kuno mumalowa angati, sindinena. Onjezani kuti galimotoyo inafika kuno itayenda kale zaka zambiri, muona kuti 12 si nambala ya wakuba. Chinanso, petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo, ndiye amachotserako pang'ono pa mtunda.

Bwana sanakhulupirire kope la mwana wa sukulu, ndipo sindikuwadandaula. Anakwera okha masiku awiri, kutsogolo, malisiti ali m'manja mwawo. Anapeza nambala yosasiyana kwenikweni ndi yathu. Kupepesa sanapepese, koma makiyi sanalande.

Pali msampha wina umene unandigwira ine mwini, ndipo a Fomu 4 mutchere khutu chifukwa mafunso otere amakonda kubwera. Kuchokera ku Salima kupita ku Lilongwe ndi pafupifupi makilomita 100, ndipo ndi kukwera, kuchoka kunyanja kupita kumtunda. Pobwerera ndi kutsika. Tiyerekeze kuti galimoto yayenda makilomita 10 pa lita popita, 20 pa lita pobwerera. Avareji ndi chani? Ine ndinathamangira kuti 15, kuphatikiza n'kugawa pawiri. Ndinalakwa. Popita yamwa 100 ÷ 10, malita 10. Pobwerera 100 ÷ 20, malita 5. Ulendo wonse ndi makilomita 200 pa malita 15, ndipo 200 ÷ 15 ndi 13.3. Chitunda chimalemera kwambiri m'samuyi chifukwa mafuta ambiri apsera kumeneko. Ndiye musamaphatikize ma "pa lita" okhaokha. Wonkhetsani mtunda wonse, wonkhetsani malita onse, kenako gawani kamodzi.

N'chifukwa chake maiko ambiri a ku Ulaya, ngakhalenso ku South Africa, amatembenuza funsoli. Iwo amati: pa makilomita 100, imamwa malita angati? Kusintha n'kosavuta, mungogawa 100 ndi nambala yanu. Sienta ija: 100 ÷ 12, malita 8.3. Pa muyeso umenewu nambala yaing'ono ndiyo yabwino, ndipo imaonetsa zimene inayo imabisa. Minibasi ikachoka pa makilomita 8 pa lita n'kufika pa 10, yachoka pa malita 12.5 kufika pa 10, yapulumutsa malita awiri ndi theka. Kagalimoto kakachoka pa 20 n'kufika pa 25, kamene kakuoneka ngati kapambana kwambiri, kachoka pa malita 5 kufika pa 4. Lita imodzi yokha.

Titadziwa nambala yoona tinayamba kufufuza ngati ingakwere. Matayala awiri anali ndi mpweya wochepa. Tayala lofewa limaphwanyikira pansi ndipo injini imavutika kulikoka, monga mmene miyendo imawawira mukapalasa njinga yophwa. Mlingo woyenera umalembedwa pa kachikwangwani ka pa felemu ya chitseko cha dalaivala. Anasinthanso sefa ya mpweya ndi mapulagi, zomwe zinali zitakhalitsa. Koma chachikulu chinali phazi lawo. Kuponda moto mwamphamvu kuti upitirire mnzako pothamangira pasenjala, kenako kuponda mabuleki pa mamita mazana awiri, ndi kuwotcha petulo kuti ungotenthetsa mabuleki. Liwiro nalonso limadya: mukawirikiza liwiro kawiri, mphepo imakankha galimoto kanayi. Ndipo injini yolira pa siteji podikira anthu ikuyenda makilomita ziro pa lita.

Chimodzi chokha ndikukana, ngakhale madalaivala ena amachitama: kuzimitsa injini pa mtsetse. Injini ikazima, mabuleki amauma mukawaponda kangapo ndipo chiwongolero chimalimba. Komanso phindu lake palibe, poti galimoto za masiku ano zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi pa moto giya ili m'malo mwake.

Pano kope likuonetsa 13. Mwina mukuti kilomita imodzi n'chiyani. Achimwene amayenda makilomita 200 pa tsiku, masiku 26 pa mwezi, onse pamodzi 5,200. Pa 12 ndi malita 433. Pa 13 ndi malita 400. Malita 33 pa mtengo woyerekeza uja ndi pafupifupi K100,000 mwezi uliwonse.

Ndikudziwa kuti mafuta akasowa, fulu thanki ndi maloto. Zikatero lembani lita iliyonse yothiridwa kwa mwezi wathunthu, kuyamba ndi kumaliza kamuvi kali pa mzere womwewo, galimoto itaima pamalo athyathyathya. Mtunda ukatalika, kulakwitsa kwa kamuvi kumachepa mphamvu. A m'zigubu okha ndiwo amasokoneza, chifukwa malita asanu a m'chigubu amadziwa ndi wogulitsa yekha.

Nayi yanu. Galimoto ina inachokera ku Britain ndipo odomita yake imawerenga mamailosi. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.609. Yayenda mamailosi 250 ndipo podzadzanso mwalowa malita 32. Mwini wake, posadziwa za mamailosi, akuti imamwa ngati lole ndipo akufuna kuigulitsa. Pezani nambala imene iye wapeza, kenako yoona yake, m'makilomita pa lita ndi m'malita pa makilomita 100. Lembani yankho pa kapepala, mumate m'munsimu lisanafike Lachisanu. Pa pepala langali musalembepo, ndilibe lina.