Kompyuta Ikamafiriza Mutaikamo Windows Yatsopano: Mafunso ndi Mayankho

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zotetezera zaulere za Windows 10. Zimenezi zachititsa kuti anthu ena mu Lilongwe asamukire ku Windows 11: a m'maofesi ku City Centre, osindikiza makalata ndi zithunzi ku Old Town, ngakhalenso ogwirira ntchito kunyumba ku Area 10, 12 ndi 43. Ena zawayendera, koma ena akulira kuti makina akungouma ntchito ili m'kati. Mayankho otsatirawa ndi othandiza kuti mupeze gwero la vuto musanawononge ndalama.

Kompyuta yanga inkayenda bwinobwino. Yayambiranji kufiriza nditangoikamo Windows 11?

Kawirikawiri matenda amakhala analimo kale, Windows yatsopanoyo yangowaulula. Windows 11, yomwe inatuluka mu Okutobala 2021, imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osachepera 64 GB, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Malaputopu ambiri amene timagula m'tauni muno anagwirapo kale ntchito kunja, ndipo wogulitsa amangoti "ndi Core i5, bwana". Dzina lokhalo silikwanira. Onani nambala yotsatira. Core i5-6300U ndi ya m'badwo wa 6, pamene i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8. Amisiri ena amadziwa kuzembetsa Windows 11 m'makina osayenera, ndipo imalowadi. Koma kumeneko n'kusenzetsa njinga ya kabaza matumba oyenera ngolo: pamtetete iyenda, pachitunda iima.

Yauma pompano, mausi sakusuntha. Nditani?

Musathamangire kuzula chingwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ipatseni mphindi zingapo, makamaka ngati mwangoikamo kumene Windows, chifukwa masiku oyamba imakhala ikusanja mafayilo ndi kukoka zina pa intaneti. Ikakhalabe chete, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, musankhe pulogalamu yomwe yakakamira, mudine End task. Ngati sikirini yada kapena chithunzi chaima, dinani Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi. Mumva kulira pang'ono, sikirini iphethira, ndipo nthawi zina zonse zimabwerera. Zonsezi zikakanika, m'pamene mugwire batani loyatsira kwa masekondi 10 mpaka izime.

Ndingadziwe bwanji chomwe chikuilemera?

Kompyuta ikadzuka, tsegulani Task Manager, mupite pa Performance. Ngati Disk yakhazikika pa 100% kwa nthawi yaitali ndipo pansi pake palembedwa HDD, vuto ndi disiki yakale yozungulira ija. Mankhwala ake ndi kuikamo disiki yothamanga ya SSD, ndipo kusintha kwake mumakuona tsiku lomwelo. Ngati Memory ikudzaza mutangotsegula Chrome ndi Excel, RAM yachepa. Ya 4 GB imangokwanira kuyatsa makina. Ntchito ya muofesi imafuna 8 GB. Mutha kuyesanso ngati RAM ili ndi chilema polemba Windows Memory Diagnostic pa Start.

Palinso kabuku kamene Windows imalembamo zolakwika zake. Lembani mawu akuti reliability pa Start, mutsegule View reliability history. Tsiku lililonse lomwe panali vuto pamakhala chizindikiro chofiira, ndipo mukadinapo chimatchula pulogalamu yomwe inagwa ndi nthawi yake.

Amisiri amakonda kunena za ma driver. N'chiyani chimenechi?

Driver ndi kapulogalamu kolumikiza Windows ndi chiwalo cha kompyuta, monga sikirini, pulinta kapena Wi-Fi. Driver yakale ikakumana ndi Windows yatsopano, zimatha kusemphana. Chizindikiro chake n'chakuti makina amauma pa nthawi zodziwika: mukayamba msonkhano wa pa Zoom, mukatsegula chivindikiro cha laputopu itagona, kapena mukatumiza kalata ku pulinta.

Yambani ndi kuzula zonse zolumikizidwa: pulinta, sikana, fulashi, modemu. Kenako lowani mu Safe Mode. Gwirani Shift kwinaku mukudina Restart, musankhe Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, kenako 4. Ngati m'menemo kompyuta ikuyenda osauma, wolakwa ndi driver kapena pulogalamu inayake. Tembenuzani laputopu, muwerenge nambala ya mtundu wake pansipo, mukatenge ma driver pa tsamba la kampani yomwe inaipanga, kaya ndi HP, Dell kapena Lenovo. Pewani mtolo wa ma driver wa pa fulashi yoyendayenda m'mashopu. Onaninso kuti musakhale ndi ma antivirus awiri, chifukwa Windows ili kale ndi yake, Microsoft Defender.

Magetsi anazima Windows ikulowa. Kodi n'chifukwa chake?

N'zotheka ndithu, chifukwa mafayilo ena amatsala olembedwa theka. Lembani cmd pa Start, musankhe Run as administrator, mulembe DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth. Ikatha, mulembe sfc /scannow. Lamulo loyambalo limafuna intaneti, choncho onetsetsani kuti bandulo ilipo yokwanira. Ulendo wina, musayambe kusintha Windows pa kompyuta ya padesiki yopanda batire losunga magetsi la UPS, kapena pa laputopu yomwe batire lake linafa n'kumangodalira chaja. Chenjezo limeneli n'lalikulu kwambiri posintha BIOS, pulogalamu yoyambitsa kompyuta: magetsi akazima pakati, makina atha kukaniratu kuyaka.

Nanga bwanji imauma masana okhaokha?

Kumeneko n'kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ku Lilongwe kumatentha, ndipo fumbi la chilimwe chonse limakhala litaunjikana m'kati. Shopu yoyang'ana kumsewu kufupi ndi msika imameza fumbi lambiri kuposa ofesi yotseka mawindo. Ikani dzanja pomwe mpweya umatulukira. Ngati fani ikulira kwambiri koma mpweya ukutuluka wochepa, njira yatsekeka. Mmisiri atsegule, apukute, asinthenso phala loziziritsa purosesa. Kunyumba, musaike laputopu pabedi kapena pa khushoni.

Kodi ndingabwerere ku Windows 10?

Inde, ngati masiku 10 sanadutse chiikireni Windows 11. Pitani pa Settings, System, Recovery, mudine Go back. Njirayi imadalira foda yotchedwa Windows.old, choncho musaifufute pofuna kupeza malo. Dziwani kuti Windows 10 imagwirabe ntchito, koma popanda zotetezera zatsopano. Komabe, Microsoft inatsegula ndondomeko yolandirabe zotetezera ya Extended Security Updates yofika pa 13 Okutobala 2026 kwa anthu wamba olembetsa. Kwa makina akale ogwirira ntchito zopepuka, Linux Mint, yomwe imalowa m'malo mwa Windows, ndi yaulere ndipo siilemera.

Mmisiri akuti tingofomata. Ndivomere?

Osavomera msanga. Kufomata sikuchiza disiki yotha, RAM yachilema kapena fani yotsekeka. Pakapita sabata mudzabweranso kudzalipira kachiwiri. Mufunseni mwaulemu: "Achimwene, disiki mwaiyesa? RAM mwaiyesa? Makinawa ndi oyeneradi Windows 11?" Mmisiri wodziwa ntchito sakhumudwa ndi mafunso otere, amakuonetsani zotsatira pa sikirini.

Ngati kufomata sikupeweka, koperani kaye mafayilo anu onse pa disiki ina, muwatsegule n'kuona kuti alowadi. Makompyuta ambiri a Windows 11 amakiya disiki ndi BitLocker, ndipo kiyi yake ya manambala 48 imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, kapena kwa oyang'anira makompyuta ngati makinawo ndi a kuntchito. Ilembeni papepala musanapereke makinawo, chifukwa ikasowa palibe mmisiri amene angakutsegulireni mafayilowo.