Ntchito isamaime chifukwa bwana apita ku Chipata

Kuyambira mu 2022, anthu ambiri m'maboma a Petauke ndi Nyimba apezeka akutsogolera anzawo asanaphunzireko za utsogoleri. Chaka chimenecho boma linayambitsa maphunziro aulere mpaka giredi 12, linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 ndi azaumoyo oposa 11,000 m'dziko lonse, ndipo ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense. Lero namwino amene sanakhalitse pa ntchito ndiye mkulu wa kiliniki, mlimi wa mtedza ndiye wapampando wa kopaletivu yolandira thandizo, mmisiri wa njerwa ndiye kontirakitala wokhala ndi anyamata akeake. Ntchito ya manja amaidziwa. Chowavuta n'kuyendetsa anthu.

Ngati muli mmodzi wa iwo, dziyeseni motere. Tsiku limene mwakwera basi pa Great East Road kupita kumsonkhano ku Chipata kapena ku Lusaka, ntchito imatsala ikuyenda? Ngati makiyi a sitolo, chidindo ndi buku la ndalama zimapita nanu m'chikwama, ndipo aliyense wobwera amauzidwa kuti "bwana kulibe, mubwere Lolemba", ndiye kuti pamalopo pali vuto, ndipo vutolo lili kwa inu. Mayi amene wayenda pansi kuchokera kwa mfumu Nyalugwe kapena kwa mfumu Luembe sayenera kubwerera chimanjamanja chifukwa munthu mmodzi wachoka.

Yambani ndi kusankha wachiwiri wanu, ndipo mumutchule pamaso pa onse. Musangomusiyira ntchito, mumusiyirenso mphamvu. Nenani momveka zimene angagamule yekha, ndalama zimene angatulutse osakufunsani, ndi nkhani zimene ayenera kukuimbirani foni. Mukabwerako n'kupeza kuti wachita mosiyana ndi mmene mukanachitira, musamugwetse pagulu. Khalani naye awiri, mumve chifukwa chake, mukonze. Munthu amene wachititsidwa manyazi kamodzi sadzagamulanso kanthu, ndipo mudzabwerera kosenza zonse nokha.

Chachiwiri ndi ndalama ndi mwayi. Pantchito zambiri chidani sichiyambira pa malipiro a mwezi. Chimayambira pa funso lakuti ndani akupita ku wekishopu yokhala ndi alawansi. Ngati amapita ndi anthu omwewo nthawi zonse, otsalawo amaleka kudzipereka ngakhale sanena. Lembani mndandanda wosinthana, muupachike pakhoma, ndipo wopitayo akabwera aphunzitse anzake zimene wamva. M'kopaletivu, malisiti a chimanga chogulitsidwa ku bungwe la boma logula mbewu la FRA ndi ndalama zimene zalowa kubanki aziwerengedwa mokweza pamsonkhano, m'Chinsenga kapena m'Chinyanja, kuti ndi agogo omwe amve. Wosunga ndalama asakhale mkazi, mwana kapena mlamu wa wapampando, ngakhale atakhala wokhulupirika chotani. Mukamatero mumateteza dzina lanu ndi lake lomwe.

Chachitatu, inu amene mwalemba anthu ntchito m'sitolo, m'chigayo, m'nyumba ya alendo kapena pomanga makalasi, dziwani lamulo. Employment Code Act ya 2019 imafuna kuti mgwirizano wa ntchito ya miyezi 6 kapena kuposerapo ulembedwe papepala, ndipo wogwira maola opitirira 48 pa sabata alipidwe ovataimu. Ku bungwe la penshoni la NAPSA wantchito amapereka 5 peresenti ya malipiro ake, inunso mumawonjezera 5 peresenti. Ikani tsiku la malipiro, mulisunge. Zikavuta, monga zinavutira malonda ambiri pa chilala cha 2024 magetsi akuzimazima, auzeni antchito tsikulo lisanafike, muwauzenso tsiku lenileni limene mudzalipire. Anthu amapirira njala ndi bwana wonena zoona, koma amathawa bwana wobisala.

Pali nkhani ina yovuta kwambiri kwathu kuno: kutsogolera anthu a msinkhu wa makolo anu. Mlonda kapena dalaivala wa zaka 55 akachedwa, bwana wa zaka 28 amasowa poyambira, ndipo amakhala chete kapena amakalipa mopitirira. Zonse ziwiri n'zolakwika. Aitaneni kumbali, muwapatse mpando, muwatchule kuti bambo kapena mayi. Nenani chimene chachitika, tsiku lake, ndi amene wavutika nacho: "Bambo, Lachiwiri geti linatsegulidwa 9 koloko, odwala anadikira panja." Kenako funsani chimene chinavuta, mumvetsere mpaka amalize. Ulemu sukuletsani kulemba chenjezo ngati zabwerezeka. Ndipo lamulo limene mwagwiritsa pa iwo ligwirenso pa mnzanu wa kutchalitchi ndi pa mwana wa amalume anu. Ena adzakudani nazo kwa kanthawi, koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Konzekeraninso nyengo za kwathu. Mvula ikagwa aliyense amafuna kukabzala, maliro sapangana tsiku, ndipo nthawi ya mwambo wa Tuwimba kwa mfumu Kalindawalo ambiri amapempha kupita. Musadikire kuti anthu ayambe kunamizira matenda. Gwirizanani pasadakhale za kasinthidwe, kuti wopita adziwe womugwirira ntchito ndi tsiku lobwerera.

Zonsezi zimafuna malo okambirana. Lolemba lililonse m'mawa khalani pamodzi mphindi 20 zokha. Funsani zimene zinatheka sabata yatha, zimene zinakanika, ndi amene achite chiyani pofika Lachisanu. Ayambe kuyankhula ndi wamng'ono pa udindo, inu mumalize, chifukwa mukayamba ndinu onse amangovomera. Wosesa ndi mlonda amaona zinthu zimene simuziona muli mu ofesi. Zogwirizana zilembedwe m'kabuku kamene aliyense angatsegule.

Sabata ino tengani pepala, mulembe ntchito zonse zimene pamalo panu mumazidziwa inu nokha: kulemba lipoti la mwezi, kuitanitsa katundu, kuyankhula ndi a khonsolo. Sankhanipo imodzi, muphunzitse munthu mmodzi, ndipo mwezi wamawa aichite yekha inu mukungoona. Akaikhoza, muyamikireni pamaso pa anzake, mutenge yachiwiri.