Phunziro 17: Chifukwa Chiyani Mvula Yasintha?

Abale ndi alongo, tiyambe ndi zimene taona ndi maso athu. Kale chizimalupsa chikagwa, makolo athu ankadziwa kuti nthawi yodzala yayandikira. Lero mvula imachedwa. Ikabwera imagwa yamphamvu masiku ochepa, kenaka ng'amba, chimanga chili m'mawondo.

Mu 2019 namondwe Idai anagwetsa nyumba ku Beira, ndipo anthu oposa 600 anafa m'dziko lathu. Mu 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè, madzi nadula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Mu 2023 Freddy analowa m'dziko lathu kawiri, napha anthu mazanamazana kwa anansi athu a ku Malawi. Mu 2024 kunali chilala.

Ena amati pali mfiti imene yamanga mvula. Nkhalamba zina zamenyedwa chifukwa cha mawu amenewa. Si zoona. Palibe agogo amene angamange mvula ya ku Angónia, ya ku Zambia ndi ya ku Zimbabwe chaka chimodzi. Chifukwa chake ndi china.

Dzuwa limatenthetsa dziko. Kutenthako kumafuna kubwerera kumwamba. Koma mumlengalenga muli mpweya wosaoneka, dzina lake kaboni dayokisaidi. Mpweya umenewu umagwira kutentha, monga chivundikiro chimagwira nthunzi mumphika. Pawokha si woipa. Popanda mpweyawu dziko likanazizira kwambiri. Vuto ndi lakuti wachuluka.

Umachokera kuti? Umatuluka chinthu chikamapsa: malasha, petulo, dizilo, gasi, nkhuni, makala, tchire. M'zaka za m'ma 1800 mafakitale a ku Ulaya ndi ku America anayamba kutentha malasha ambiri. Kenaka kunabwera magalimoto, zombo ndi ndege. Mafakitale asanachuluke, pa magawo 1,000,000 a mpweya, magawo 280 anali a kaboni. Lero apitirira 420. Palinso mpweya wina, metheni, wochokera m'mimba mwa ng'ombe ndi m'minda ya mpunga yodzala madzi.

Tsono dziko latentha ndi digiri yoposa imodzi. Wina anganene kuti digiri imodzi n'chiyani? Kumbukirani mwana wamalungo. Thupi lake likakwera digiri imodzi kapena ziwiri, mayi sagona tulo. Nyanja ikatentha, nthunzi imakwera yambiri, ndipo namondwe amabwera ndi mvula yoposa yakale. Nthaka nayonso imauma msanga. Chilala cha 2024 chinabwera ndi El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumachitika pakapita zaka zingapo. El Niño ndi wakale, koma lero amapeza dziko litatentha kale.

Ndani watulutsa mpweya wambiri? Si mlimi wa khasu. Ndi maiko a mafakitale: United States, maiko a ku Ulaya, China. Africa yonse siifika magawo 5 pa 100 a utsi wa malasha ndi mafuta. Magetsi athu ambiri amachokera ku madzi a Cahora Bassa, opanda utsi. Komabe tisabise: malasha a ku Moatize amakwera sitima kupita ku madoko, nakapsa kunja. Utsi wake suona malire a dziko.

Mu 2015 ku Paris maiko anagwirizana kuchepetsa mpweyawu. Mozambique anasaina nawo. Mu 2022 ku Egypt anagwirizananso kukhazikitsa thumba la ndalama zothandizira maiko osauka amene aonongedwa ndi nyengo. Nzabwino. Koma ndalama zimayenda pang'onopang'ono, ndipo mmera sudikira msonkhano.

Nanga ife pamudzi tichite chiyani? Tiyambe ndi mtengo. Mtengo umamwa mpweya wa kaboni n'kuusunga m'thunthu, m'mizu ndi m'nthaka. Ukadulidwa n'kutenthedwa, mpweyawo umabwerera kumwamba. Mizu yake ndiyo imagwira dothi kuti madzi alowe pansi. Phiri likametedwa, mvula imathamanga pamwamba, kukumba zigwembe ndi kukwirira madimba ndi mchenga.

Kudzala mbande nkwabwino, koma mbande zambiri zimafa m'chilimwe. Pali njira yosafuna ndalama. Chitsa chimene chili m'munda mwanu chili ndi mizu yakuya kale. Chikaphukira, musachitenthe. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo dulani, ndipo tetezani zotsalazo ku mbuzi. Zimakula msanga kuposa mbande. Msangu usiyeni m'munda. Mtengo umenewu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba chimanga, ndipo masamba ake ndi manyowa.

Mapesi tisatenthe. Tiwayale m'munda kuti asunge chinyontho. Moto wosakira mbewa umatha tchire lonse chifukwa cha ndiwo za tsiku limodzi. Mudzi ukambirane ndi anyamata ake, pamaso pa amfumu. Mbaula yadothi imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo amayi angathe kuiumba okha.

Wootcha makala tisamunyoze. Nayenso ali ndi ana ofuna chakudya. Koma mudzi ungathe kupatula nkhalango yosadulidwa, ndi malo ena odula mosinthana.

Tisadalire chimanga chokha. Mapira, mawere, chinangwa, mbatata ndi nandolo zimapirira ng'amba. Wailesi ikachenjeza za namondwe, amene ali m'mbali mwa mtsinje asamukire kumtunda madzi asanafike.

Tikambirane: Ndi mitsinje iti ya kwathu imene kale sinkaphwa, koma lero imaphwa? Mitengo ya m'mbali mwake inapita kuti?

Tiwerengere: 420 kuchotsa 280, yatsala ingati?

Tilembe m'makope mwathu maina asanu a mitengo imene imaphukira pa chitsa.