Tiyambe ndi Kuomba M'manja, Kujambula Pambuyo

Ambiri mwa ife amene timaphunzitsa makalasi a ana timadandaula kuti mapepala ndi makrayoni satikwanira, ndiye nthawi yojambula ikakwana timangoidumpha. Komatu pali phunziro lina la zojambula limene silifuna pepala: kuzindikira mmene chinthu chimabwerezedwera mwa dongosolo.

Mwana amayamba kulimva dongosolo limeneli ndi makutu, maso amabwera pambuyo. Choncho tiyambe ndi kuomba m'manja: kawiri, kupuma, kawiri, kupuma. Akazolowera, tiwagawire njere za chimanga ndi nyemba kuti ayale pansi zimene amva: njere ziwiri za chimanga, kenako nyemba imodzi poimira kupuma kuja, mpaka mzere utalike. Tikatero tichotse nyembazo, patsale mipata. Apa ndi pamene ana ambiri amasokonezeka. Amayesa kuti pamalo popanda kanthu paiwalika, ndipo amathamangira kudzazapo. Tisawaletse. Tingowauza kuti aombenso m'manja osapumira, ndipo adzamva okha kuti langosanduka phokoso. Mpata nawonso uli ndi ntchito yake, m'nyimbo ngakhalenso m'chojambula.

Tsiku lina tibweretse lichero kapena chitenje, ana alondole ndi chala pamene nsungwi yakwera pamwamba ndi pamene yalowa pansi, kapena apeze pamene duwa la pachitenje layambiranso. Okulirapo tingawauze za miyala ya ku Chongoni m'boma la Dedza, malo amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wake mu 2006. Zojambula zofiira zakalekale za kumeneko n'zodzaza ndi timadontho, mizere yondondozana ndi zozungulira zina m'kati mwa zinzake.

Chovuta chenicheni chili kwa ife aphunzitsi. Mwana akaika njere zitatu pamene timayembekezera ziwiri, dzanja lathu limafulumira kukonza, ndipo mwana wokonzeredwa kawirikawiri amasiya kuyesa, amangodikira kuti timuyalire. Ndi bwino kumupempha kuti aombe m'manja mzere wakewo. Ngati walakwitsa, adzapeza yekha pamene pakhota. Nthawi zina sanalakwitse n'komwe: wayala ziwiri, zitatu, ziwiri, zitatu, ndipo amene sitinaone ndife.

Tisanabalalike lero, tikhale awiriawiri. Wina ayale mzere wa njere osalankhula, mnzake auombe m'manja, kenako tisinthane.